Mwana Aliyense Amveke M'kalasi

Aliyense wodutsa pafupi ndi sukulu ya pulaimale m'mamawa amamva mawu a ana akubwereza pamodzi zimene mphunzitsi akuloza pa bolodi. Mawuwo amakometsa mudzi, ndipo makolo amapita kumunda ali ndi chikhulupiriro chakuti ana awo akuphunzira. Koma ife tikufunsa: mwa ana onse ofuulawo, ndi angati amene angawerenge maphatikizo omwewo atapatsidwa buku payekhapayekha?

Gwero la vutoli tikulidziwa. Pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ana m'sukulu chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Chinali chinthu chonyaditsa, koma walira mvula walira matope. Kufikira lero, m'sukulu zambiri mphunzitsi mmodzi wa Sitandade 1 amayang'anizana ndi ana opitirira 100. M'khamu lotere kuyankha kwa chigulu kumabisa mwana amene watsalira. Iye amangotsata milomo ya anzake, nakwera kalasi ndi kalasi, kufikira atagwa ulesi n'kusiya sukulu, kapena atakumana ndi mayeso a MANEB a Sitandade 8, kumene kulibe mnzake womuyankhira.

N'chifukwa chake tikupempha aphunzitsi kuti phunziro lisathe mwana wina asanamveke payekha. Izi sizilira ndalama. Mphunzitsi akamaitana ana asanu tsiku lililonse kuti aliyense awerenge mzere umodzi, m'masiku 20 a sukulu adzakhala atamva ana 100, ndipo adzadziwa ndi dzina lomwe amene akusowa chithandizo. Mayina a otsalirawo alembedwe, ndipo chikonzekero cha phunziro la mawa chiwakumbukire.

Kusowa kwa zipangizo kusakhalenso pobisalira. Bungwe la Malawi Institute of Education ku Domasi lakhala likulangiza aphunzitsi kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lawo. Zitsekerero za mabotolo, timitengo ndi timiyala zimaphunzitsa kuphatikiza ndi kuchotsera. Katoni yakale imasanduka makadi a malembo. Mwana wopanda kope angalembe pamchenga. Mwana amene wasanja yekha timiyala tisanu ndi tiwiri saiwala msanga ngati amene wangoimba nambalayo. Kope limene mwana walembamo lichongedwe, pakuti cholakwa chosaongoledwa lero chimamera mizu mawa.

Koma mutu umodzi susenza denga. Aphunzitsi aakulu apereke makalasi oyamba kwa aphunzitsi aluso ndi odekha, osati kuwayesa malo oponyako aliyense watsopano. Alangizi a maphunziro akafika pasukulu asakhutire ndi kusayina mabuku mu ofesi. Alowe m'kalasi, atenge buku, aitane mwana wokhala kumbuyo kuti awerenge. Pamenepo mpomwe adzaone mmene sukuluyo ikuyendera. Nawonso akuluakulu a m'maboma apewe kuitanitsa misonkhano nthawi ya maphunziro, chifukwa tsiku limene mphunzitsi wachoka, ana 100 amabwerera kwawo chimanjamanja.

Tikuyamika aphunzitsi ambiri amene akugwira kale ntchitoyi modzipereka, nthawi zina pansi pa mtengo ndi choko chimodzi m'manja. Dziko lino lili nawo ngongole, ndipo liyenera kuwachirikiza. Akale anati m'mera mpoyamba. Tiyeni tonse tionetsetse kuti belu loweruka lisanalire, mwana wakumbuyo uja wamveka.