Tsiku Lophunzira Lisadulidwe pa Malipiro

Kuno ku Lifidzi sukulu ya akuluakulu imayamba masana. M'kaundula maina ndi ambiri, koma obwera ndi ocepa. Enawo ali kuti? Ali m'minda ya fodya ndi ya mbatatesi. Ali m'zigayo ndi m'masitolo a ku Ulongwe. Akaweruka msanga kuti adzaphunzire, bwana amawadula ndalama ya tsikulo.

Ena amati anthu amenewa ndi aulesi. Ife tikukana. Munthu amene wasiya pensulo kuti apeze ufa wa ana ake si waulesi ai. Colakwika ncakuti aziluza cakudya cifukwa cofuna kudziwa kuwerenga.

Pamene dziko la Mozambique linalandira ufulu mu 1975, anthu oposa 90 mwa 100 alionse sankadziwa kuwerenga. Mu 1978 Pulezidenti Samora Machel anatsegula nkhondo yolimbana ndi umbuli. Maphunziro anayambira kumalo a nchito: m'mafakitale, m'minda ya boma ndi m'magulu a alimi. Sukulu inamutsata wanchito kumene anali.

Lamulo la nchito la 2007 linati wanchito amene ali pa sukulu apite kukalemba mayeso osadulidwa malipiro. Zimenezo nzabwino, koma nzocepa. Kodi munthu akalemba ciani pa mayeso ngati sanapatsidwe nthawi yophunzira? Nanga waganyu, amene alibe cikalata ca nchito, akadandaula kwa yani?

Mu 1974 bungwe la maiko loona za anchito, la ILO, linapanga Pangano nambala 140. Panganoli limati wanchito apatsidwe nthawi yophunzira mkati mwa maola a nchito, ndalama zake osadulidwa. Anansi athu a ku Tanzania ndi ku Zimbabwe analivomereza. Ife tikudikira ciani?

Bwana adzati: "Ndilipirenji munthu amene sali m'munda?" Timuyankhe. Wanchito wodziwa kuwerenga sasokoneza muyezo wa feteleza. Amawerenga cenjezo pa botolo la mankhwala a mbozi asanathire. Cigayo cikafa, amene anaphunzira umakaniko amacikonza pomwepo, osadikira mmisiri wocokera ku Tete. Phindu limeneli amadya ndi bwana yemweyo. Walira mvula, walira matope.

Tsono kwa boma tikupempha zinthu zitatu. Coyamba, livomereze Pangano nambala 140. Caciwiri, lamulo linene maola ophunzira pa sabata, ndipo likhudzenso aganyu ndi anchito a nyengo ya dzinja. Cacitatu, boma lithandize olemba nchito ang'onoang'ono kulipira maola amenewo, kuti asapeze cifukwa cokanira.

Anzathu, tisangong'ung'udza pa mtondo ndi pa bwalo la bawo. Tilembe kalata yopita ku boma ku Ulongwe. Amene waphunzira kulemba dzina lake asaine yekha. Amene sanafikepo adinde cala, ndipo calaco cikhale umboni wa mlandu wathu.