Webusaiti yopangidwa ndi AI: kodi Google ikuiona?

Lero gulu la alimi a tiyi kwa Changata ku Thyolo likhoza kupanga webusaiti pa tsiku limodzi pogwiritsa ntchito zida za AI monga Lovable. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Masamba ambiri otere amadalira JavaScript kuti mawu aoneke, ndipo Google ikhoza kuchedwa kuwawerenga. Zikatero, wogula wa ku London yemwe akufufuza tiyi wa ku Thyolo ayamba wapeza makampani odziwika kale monga Satemwa, yomwe idakhazikitsidwa mu 1923.

Choncho alimi asanalipire wowapangira tsambalo, aonetsetse kuti dzina la dera, mtundu wa tiyi ndi mtengo wake zalembedwa mu HTML, komanso kuti likutseguka msanga pa foni.