Mwana nayenso amalira maliro, timumve

Ophunzira ambiri a sekondale, kuphatikizapo a kuno ku Mpingu, adawerenga buku la Nthondo pokonzekera mayeso a MSCE. Mukawafunsa kuti Nthondo adali munthu wotani, yankho silichedwa: wamwano, wakuba, wosamva za akulu, amene adadzasintha atakula. Yankholi amakhoza nalo mayeso. Koma pali mfundo ina imene aphunzitsi ndi ophunzira omwe amangoidutsa mothamanga: bambo ake a Nthondo adamwalira iye akadali mwana.

Bukuli adalemba ndi Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Lidapambana pa mpikisano wa mabuku a m'zilankhulo za mu Africa ndipo lidasindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira, T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Nthara ankafuna kuonetsa munthu wotayika amene pamapeto pake atembenuka mtima. Ife owerenga a lero tili ndi ufulu wofunsanso funso lina: kodi maliro aja atatha, adakhala pansi ndi mwanayo ndani? Sitikunena kuti imfayo ndiyo yokha idamusandutsa wakuba, ayi. Tikunena kuti mwana wovuta kawirikawiri amakhala ndi chimene chikumudya mumtima, ndipo funso lomweli tiyenera kulifunsa m'midzi mwathu.

Taonani mmene maliro amayendera kwathu kuno. Amayi ali m'siwa, abambo ali panja pamoto, adzukulu alawirira kumanda, akwaya akuimba usiku wonse. Aliyense ali ndi malo ake komanso ntchito yake, kupatula ana a malemuyo. Iwo timawatumiza kwa anansi kuti asaone. Wamng'ono akafunsa, timamuuza kuti amayi apita ku tauni, abwera. Timatero pomumvera chisoni. Koma mwana wa zaka zinayi kapena zisanu sadziwa kuti imfa ilibe pobwerera, choncho amakhulupirira. Madzulo aliwonse maso ake amakhala kumsewu wa Mchinji, kuyang'ana aliyense wotsika minibasi. Tsiku limene adzamve zoona kuchokera kwa anzake pamasewera, adzalira kawiri: kulira mayi ake, ndi kulira kuti akulu onse amene amawadalira adamunamiza.

Chisoni cha mwana sichioneka ngati cha munthu wamkulu. Amatha kulira pang'ono, kenako n'kuthamangira kukasewera mpira, ife n'kumati waiwala. Sanaiwale, kungoti sangathe kusenza chisonicho tsiku lonse. Chimadzatulukira kwina: kukodza pogona pamene adasiya kale, kudandaula m'mimba pafupipafupi, kulephera m'kalasi, ndewu, ngakhale kutolatola zinthu za eni. Ena amadziimba mlandu chamumtima, kuganiza kuti bambo adamwalira chifukwa iwo adakana kutumidwa tsiku lina. Tikaona zimenezi timathamangira mkwapulo, pamene mwanayo amafuna womufunsa.

Ndiye pamabwera tsiku lokambirana za ana. Abale amagwirizana kuti wamkulu apite kwa malume ku Nsaru, wapakati kwa azakhali ku Kabudula, wamng'ono atsale ndi agogo. Pamenepo aliyense amaona kuti wathandiza, ndipo n'zoona kuti pakhomo limodzi sipangadyetse onse. Koma pa sabata imodzi yokha mwana wataya kholo, abale ake, sukulu yake ndi nyumba imene adakuliramo, popanda womufunsa maganizo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa amasiye, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 lilipo. Malamulowa amateteza nyumba, katundu ndi thupi la mwana. Za mumtima mwake khoti silingazione.

Apa ndi pamene buku labwino limagwira ntchito yake. Limatilowetsa m'maganizo a mwana, momwe lipoti la ofesi silifika. Amene adawerenga mbiri ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, yomwe idatuluka mu 2009, amakumbukira makina a mphepo opangira magetsi. Koma ambiri chimene chidawakhudza kwambiri ndi galu wake Khamba, amene mwini wake woyamba adali mbale wa bambo ake, Socrates. Pa njala ya 2002, mnyamatayo adakamangirira galuyo kumtengo kuthengo n'kumusiya kuti afere komweko, poti chomudyetsa panalibe. Chisoni choterocho palibe amene amabwera kudzapepesa, koma mwana amakula nacho.

Mabuku otere m'Chichewa ndi ochepa. Dziko lino lidaika m'manda makolo ambirimbiri pa nthawi imene Edzi idafika poipa, mankhwala a ma ARV asadayambe kuperekedwa ulere mu 2004. Ana amene adatsala nthawi imeneyo lero ndi abambo ndi amayi a makomo awo, ndipo ena mwa iwo ndi alembi. Tikupempha alembiwa, pamodzi ndi bungwe la Malawi Writers Union, kuti nkhani imeneyi ailembe kuchokera m'maso mwa mwana, m'chilankhulo chimene mwanayo adalirira.

Aphunzitsi, pophunzitsa Nthondo muziima pang'ono pa imfa ya bambo ake, chifukwa m'kalasi mwanumo muli ana amene zoterezi zidawaonekera. Inu amalume, azakhali ndi agogo, muuzeni mwana zoona m'mawu oti amve, mumulole akatsanzike ngati iye akufuna, muzitchula dzina la malemu pakhomo, ndipo ngati n'kotheka musawalekanitse ana a mimba imodzi. Zikakukulirani, imbani nambala yaulere yothandiza ana ya 116.