Sabata ya 53: phindu lenileni kapena chinyengo cha kalendala?

Kampani ikalengeza kuti malonda ake akwera ndi 2 peresenti, ogula masheya amasangalala ndipo mabwana amayembekezera bonasi. Komatu nthawi zina kukwerako sikuchokera ku luso la ogulitsa kapena kuchuluka kwa makasitomala. Kumangochokera pa sabata imodzi imene kalendala yawonjezera.

Makampani ambiri akuluakulu, makamaka a masitolo, sawerengera chaka chawo cha zachuma potsata miyezi, koma masabata. Chifukwa chake n'chomveka: Loweruka ndi Lamlungu ndi masiku amene masitolo amagulitsa kwambiri, ndiye mwezi wokhala ndi Loweruka kasanu sungafanane ndi wokhala ndi Loweruka kanayi. Pofuna kuti kuyerekeza kukhale kwachilungamo, amagawa chaka m'magawo anayi a masabata 13, ndipo gawo lililonse limakhala ndi "miyezi" ya masabata 4, 4 ndi 5. Bungwe la eni masitolo ku America la National Retail Federation limatsata dongosolo la 4-5-4.

Vuto limabadwira pa masamu. Masabata 52 ndi masiku 364, pamene chaka chili ndi masiku 365, kapena 366 pamene Febuluwale wafika pa 29. Tsiku limodzi kapena awiri otsalawo amaunjikana chaka ndi chaka. Pakatha zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi amakwana sabata yathunthu, ndipo kampani imayenera kuiika penapake. Ikapanda kutero, tsiku lotsekera mabuku limabwerera m'mbuyo mpaka kutuluka m'mwezi wake. Pa zaka 400 za kalendala imene timagwiritsa ntchito, zaka 71 zimakhala ndi masabata 53.

Chitsanzo chooneka bwino ndi kampani ya Apple, imene imatseka chaka chake Loweruka lomaliza la Sepitembala. Chaka chake cha 2023 chinali ndi masabata 53, ndipo sabata yowonjezerayo inalowa m'gawo loyamba, lomwe linatha pa 31 Disembala 2022 litatenga masabata 14. M'gawolo kampaniyi inagulitsa katundu wa madola 117.2 biliyoni. Chaka chotsatira, gawo lomwelo linali ndi masabata 13 okha, koma malonda anafika madola 119.6 biliyoni. Papepala kukwerako kunali 2 peresenti chabe, pomwe kuwerengera pa sabata iliyonse kukusonyeza kuti kunali pafupifupi 10 peresenti. Apa kalendala inabisa mphamvu ya kampani. Potsata lamulo lomweli, chaka cha 2028 cha Apple chidzakhalanso ndi masabata 53.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi yoopsa kwambiri. M'chaka cha masabata 53, malonda a chaka chonse angathe kukwera ndi pafupifupi 1.9 peresenti ngakhale bizinesi itaima pamodzimodzi. Kwa masitolo amene amakula pang'onopang'ono, chiwerengerochi chikhoza kuphimba kulowa pansi kwa malonda. N'chifukwa chake makampani monga Tesco ya ku Britain, imene chaka chake chotha pa 29 Febuluwale 2020 chinali cha masabata 53, ndi Shoprite ya ku South Africa, imene inatseka chaka chotere pa 4 Julayi 2021, amasonyezanso zotsatira zawo pa muyeso wa masabata 52.

Kwa okonza bajeti, sabata imeneyi ili ndi mtengo wake. Antchito olandira pa sabata amalipidwa ka 53, magalimoto amamwa mafuta a masiku ena asanu ndi awiri, ndipo mashelefu amafuna katundu wowonjezera. Chaka chotsatira chimayambanso mochedwerako, zomwe zimasuntha masiku a malonda aakulu monga Khirisimasi kuchoka pa sabata imene anali chaka chatha. Bwana amene angatenge malonda a masabata 53 ngati poyambira zolinga za chaka chamawa amasenzetsa antchito ake goli losayenera, chifukwa amawauza kuti apose chiwerengerocho ali ndi masiku ochepa.

Malamulo sakaniza njira imeneyi. Boma la America limalola makampani kulipira msonkho potsata chaka cha masabata 52 kapena 53, ndipo miyezo yowerengera ndalama ya padziko lonse ya IFRS imavomereza kuti kampani ipereke lipoti la masabata 52. Chofunika n'chakuti kampani inene poyera pamene nthawi ziwiri zoyerekezedwazo sizikufanana kutalika.

Choncho aliyense wowerenga lipoti la pachaka, kaya ndi wogula masheya, wa banki yobwereketsa ndalama kapena mtolankhani, ayambe wayang'ana mzere wapamwamba umene umanena kuti nthawiyo ndi ya masabata angati. Akaona 53, agawe malondawo ndi chiwerengero cha masabata asanakhulupirire peresenti imene yalengezedwa.