Musiyeni paudala, mfiti ili m'botolo

Kwa Katumbi ku Hewe malonda a zodzikongoletsera sanayambe dzulo. A Balowoka aja atawoloka nyanja chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, anabwera ndi nsalu ndi mikanda kudzasinthanitsa ndi minyanga ya njovu. Lero njovu zotsala zili m'nkhalango ya Vwaza, koma wamalonda akubwerabe, makamaka fodya akagulidwa, atanyamula tikalilole, timabotolo ndi paudala. Ndipo alaliki ndi azibambo ena a pabawo ayamba kale kuweruza: ati mtsikana wodzola paudala ndi hule, ati mzimayi wapanyumba sadzipaka ufa kumaso.

Ine ndikuti bodza limenelo. Paudala alibe mlandu, ndipo amene akumutukwana sakumudziwa n'komwe.

Paudala alipo wamitundu. Woyamba ndi wa ufa uja wongomwazika m'kachitini, amene ntchito yake ndi kumwa mafuta ndi thukuta kuti nkhope isanyezimire ngati chiwaya. Wachiwiri ndi wotsendereza m'kabokosi ka kalilole, woyenda naye m'chikwama, wokonzera pamphuno ndi pachipumi munthu akatsika matola atamwa fumbi la msewu wa Bolero. Wachitatu ndi wopanda mtundu, amene amangogwiriziza zodzola zina kuti zisayenderere. Onsewa amakhala pamwamba pa khungu. Madzulo ukasamba ndi sopo, amatsikira m'beseni, nkhope imene anakupatsa mayi ako n'kubwerera bwinobwino. Tchimo lili pati apa? Kodi agogo athu sankadzola nkula ndi mafuta a nsatsi? Kodi amayi a Chimakua ku Mozambique sapaka mussiro mpaka lero, anthu n'kumati ndi chikhalidwe?

Madandaulo anga pa paudala ndi awiri okha. Loyamba ndi la mtundu. Wambiri amene amafika m'misika yakumudzi anapangidwira khungu la anthu ena, ndiye mwana wathu wakuda bii akadzola amatuwa ngati wagwera m'phulusa, pachithunzi chaukwati n'kuoneka ngati mzukwa. Kunja kuja zinthu zinasintha mu 2017 pamene Rihanna anatulutsa zodzola za Fenty Beauty zamitundu 40 ya khungu, makampani ena n'kuyamba kutsanzira. Nanga bwanji oitanitsa katundu athu akutibweretserabe zotuwa zokhazokha? Lachiwiri ndi la paudala wa makanda amene ena amadzola kumaso poti ndi wotchipa. Wambiri amapangidwa ndi mwala wa talc. Kampani ya Johnson & Johnson inasiya kugulitsa wa talc ku America ndi Canada mu 2020, n'kulengeza kuti pofika 2023 dziko lonse lizilandira wa ufa wa chimanga, ndipo mu 2024 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la WHO inaika talc m'gulu la zinthu zimene mwina zimayambitsa khansa. Werengani pachitini, amayi.

Koma mfiti yeniyeni ili m'botolo loyandikana ndi paudalayo pathebulo lomwelo: mafuta oyeretsa khungu. Awa satsikira m'beseni ayi, amalowa m'thupi. Ena muli hydroquinone, amene poyamba amayeretsa koma pakapita zaka amasiya zipsera zakuda m'masaya zosachoka. Ena muli mankhwala amphamvu a steroid, amene amapyapyalitsa khungu mpaka misempha kuonekera, chilonda osapola msanga. Ena muli mercury, poizoni wowononga impso ndi mitsempha, wofika ngakhale kwa mwana wosabadwa. Kuyambira masiku a Ambi takhala tikuseka za nkhope ya Fanta miyendo ya Coca-Cola, koma za chiphe chili m'katimo sitinakambe mokwanira. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere.

South Africa inaletsa hydroquinone m'zodzola mu 1990. Côte d'Ivoire inaletsa mafuta oyeretsa khungu mu 2015, Ghana mu 2016, Rwanda n'kuyamba kulanda m'masitolo mu 2018. Funso langa kwa a Malawi Bureau of Standards ndi a bungwe loona za mankhwala la PMRA ndi ili: kodi mlimi wa fodya wa ku Katowo, amene mkazi wake wagula kabotolo kolembedwa Chifalansa kodutsa njira zachidule za m'malire, angadziwe bwanji chimene chili m'katimo? Maso anu asathere m'masitolo a ku Blantyre ndi Mzuzu. Msika wa kumalire nawonso ndi Malawi.

Ndipo inu azibambo anzanga, tisanamizane. Amene mukufuula kuti paudala ndi uhule ndinu nomwe mumatembenuza khosi mkazi woyera akamadutsa, ndinu nomwe mumati wakuti wakwatira "mzungu" ngati wapata mendulo. Msika wa chiphe uja munautsegula ndinu. Mkazi akapsa masaya mumamuseka, kenaka n'kukasaka wina amene sanapse.

Kwa alongo anga a ku Hewe ndingoti: dzolani paudala wanu, masana dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa abusa ndi apongozi. Ingoyesani kaye pachibwano musanagule, ndipo akakutuwitsani mum'bwezere mwini wake. Koma botolo lililonse lolonjeza kukuyeretsani pa masabata awiri, lisiyeni pathebulo pomwepo.