Mwana akalephela kuona pa bolodi, tisathamangile kumudzudzula

Kucokela mu 2022 pamene boma linacotsa malipilo a sukulu, makalasi adzaza ndipo ana ambili amakhala kutali ndi bolodi. Mwana akayamba kubwelela m'mbuyo pamaphunzilo, timafulumila kunena kuti ndi ulesi, koma nthawi zina vuto ndi maso.

Pali matenda ochedwa keratoconus amene kawilikawili amayamba mwana akamatha msinkhu. Kakhungu koonekela kakutsogolo kwa diso kamapepuka ndi kusongoka, zinthu n'kumaoneka mwacimbuuzi. Kutikita m'maso, monga acitila ana maso akamayabwa ndi fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala, kumawonjezela vutoli.

Poyamba magalasi amathandiza. Palinso cithandizo ca vitamini B2 ndi kuwala kwapadela cimene cimalimbitsa kakhunguko kuti matenda asapitilile, koma sicibweza zimene zaonongeka kale. Tikacedwa, pangafunike opaleshoni yoikapo kakhungu kena.

Conco tisathile mkaka wa m'mawele kapena zitsamba m'maso mwa mwana. Timupemphelele, komanso timupeleke akapimidwe ku St Francis kuno ku Katete kapena ku Mwami ku Chipata.