Sushi ya pafoni, karapau wa m'mbale

Mnyamata wina wogwira ntchito ku Maputo adabwera kudzaona makolo ku Moatize, ndipo masana ena adalowa m'baraka ya pafupi ndi msika momwe mwini danga lino amakonda kudyera. Asanasambe n'komwe m'manja, foni inali kale m'mwamba. Ankaonetsa anzake zithunzi za timibulu ta mpunga tovekedwa nsomba yaiwisi pamwamba, tondandalikidwa bwinobwino pakathabwa. Akuti ndi sushi, chakudya cha ku Japan, ndipo akuti kumene amakhalako kuli kamalo kotsika mtengo komwe amakadya akalandira ya mwezi. Mayi wa baraka atadutsa ndi mbale ya chikowa, nsomba youma yamchere, chothira tomato ndi anyezi, mnyamatayo adakwinya mphuno.

"Amayi, zimenezi mukudyetsabe anthu?"

"Nanga inu mudya chiyani, achimwene?"

"Karapau alipo?"

Analipo. Karapau sasowa.

Chomwe chidamudya mumtima mwini danga lino si nsomba yaiwisiyo ayi. Pakamwa m'pamwini, ndipo ife odya mbewa ndi ngumbi sitingaseke mbale ya munthu. Chidamuwawa ndi mphuno yokwinyayo, chifukwa mnyamatayo akadadziwa kumene sushi idachokera, akadavulira chikowa chipewa.

Gogo wake wa sushi ndi nsomba yamchere. Kalekale anthu a ku Japan, posowa njira yosungira nsomba, ankaitumbula, kuipaka mchere, kuiyika mumbiya yamatabwa pamodzi ndi mpunga wophika, n'kutsindira mwala pamwamba. Pakapita miyezi mpungawo unkasasa, ndipo kusasako n'kumene kunkateteza nsomba kuti isawole. Pakudya, mpunga ankautaya. Mtundu umenewu amautcha narezushi, ndipo m'mbali mwa nyanja ya Biwa akupangabe wina wotchedwa funazushi kuchokera ku nsomba ya m'madzi opanda mchere ngati a Zambezi wathuyu. Fungo lake limabweza ngakhale Ajapani ena pakhomo.

Sushi ya pazithunzi ija ndi mdzukulu wadzana. Idatchuka m'zaka za m'ma 1820 mumzinda wa Edo, womwe lero ndi Tokyo, ndipo dzina lomwe limatchulidwa kwambiri ndi la Hanaya Yohei. Inkagulitsidwa m'timisasa ta m'mbali mwa msewu kwa amisiri ndi aganyu ofulumira kubwerera kuntchito. Ankadya ndi manja, ambiri ali chiimire. Mafiriji kudalibe, choncho nsomba ankainyika mu viniga kapena mu msuzi wa soya, ina n'kuiphika ndithu. Aliyense amene adadyapo chiwaya pa siteji ya basi akudziwa mtundu wa malo amenewa.

Kenaka m'chaka cha 1958, Yoshiaki Shiraishi wa ku Osaka, yemwe ankavutika kupeza antchito okwanira, adatsegula malo otchedwa Genroku momwe mbale zinkayenda zokha palamba wozungulira kutsogolo kwa odya. Nzeruyo adaitenga ataona mabotolo akuyenda palamba m'fakitale ya mowa. Munthu amangotola mbale yomwe yamusangalatsa, pomaliza n'kuwerenga mbale zopanda kanthu. Kwa zaka zambiri mbale yotsika mtengo m'malo oterewa inali mayeni 100 basi, ndipo kumeneko n'kumene mabanja wamba a ku Japan amapita ndi ana.

Tsono tibwerere kwathu kuno. Chigawo cha Tete chili ndi nyanja ya Cahora Bassa, yomwe idayamba kudzaza m'chaka cha 1974 atatseka Zambezi pafupi ndi Songo, ndipo kutalika kwake kumapitirira makilomita 200. M'menemo mumachokera pende, mcheni, milamba ndi kapenta, kansomba komwe kwawo kwenikweni ndi nyanja ya Tanganyika, komwe adakaika mu Kariba cha m'ma 1967 ndi 1968, kenaka n'kutsetsereka kokha ndi madzi mpaka kuno. Asodzi amang'amba pende, kumupaka mchere, kumuyanika padzuwa la Tete lomwe silichita nthabwala. Ndicho chikowa, chotchedwa ndi dzina la dera la Chicoa. Vuto lomwe Mjapani wakale adalithetsa ndi mchere ndi mpunga, msodzi wa kuno adalithetsa ndi mchere ndi dzuwa, ndipo nsomba yake imayenda mpaka ku Malawi, ku Zambia ndi ku Congo osafuna firiji.

Komano lowani m'mabaraka a ku Moatize, mtunda wa makilomita 20 okha kuchokera mumzinda wa Tete pomwe Zambezi akudutsa, mufunse kuti ndiwo n'zanji. Nkhuku, mbuzi, nyemba, karapau. Karapau ameneyu wambiri amagwidwa kunyanja ya Atlantic kufupi ndi Namibia, amaumitsidwa ndi chisanu, n'kuyenda ulendo wautali m'makatoni mpaka kudzafika m'chiwaya cha ku Moatize. Mayi wa baraka sitingamuimbe mlandu. Katoni ya karapau imapezeka tsiku lililonse m'sitolo, nsomba zake n'zofanana msinkhu, ndipo asanakoleze moto wadziwa kale kuti atulutsamo mbale zingati. Pende wamuwisi amafuna madzi oundana panjira yonse, m'dera lomwe kutentha kumadumpha madigiri 40 mwezi wa Okutobala ndi Novembala. Chikowa sichifuna zonsezo, koma chimafuna wodya wosachita nacho manyazi. Ameneyo ndiye akusowa.

Manyaziwa amaonekera bwino pa Zóbuè. Pamalire amenewa a Mozambique ndi Malawi pamaima magalimoto akuluakulu ochokera ku Beira ndi ku Zimbabwe kudzera pa Cuchamano, komanso mabasi a ku Johannesburg opita ku Blantyre, onse kudikira mapepala asanatsikire ku Mwanza. Wapaulendo watopa, wanjala, ali ndi meticali m'thumba lina ndi kwacha m'thumba linalo. Uyu ndi mlendo amene akadalawa chakudya cha Tete n'kukachisimba kwawo. M'malo mwake timamupatsa tchipisi ta mbatatesi ya ku Tsangano ndi Angónia, zomwe n'zabwino ndithu, ndi nkhuku yokazinga yonga yomwe adya pa siteji iliyonse kuyambira ku Musina. Chikowa amachiona chili m'mabelo, chikupita kukadyedwa kwina.

Alipo amene amati zinthu zidzasintha akadzachuluka alendo a ndalama, odziwa kudya. Awa aiwala msanga. Kampani ya Vale ya ku Brazil idayamba kukumba malasha ku Moatize m'chaka cha 2011, ndipo mahotela ndi malo odyera zidamera mbali zonse za mtsinje wa Revúbuè. Ajapani enieniwo adafika: kampani ya Mitsui idagula gawo la mgodi ndi la njanji ya ku Nacala, yodutsa m'Malawi, m'chaka cha 2017. Pofika 2021 idabweza gawo lake la mgodi kwa Vale pamtengo wa dola imodzi, ndipo chaka chotsatira Vale nayo idasiyira zonse kampani ya Vulcan ya Amwenye. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, ndipo mwini danga lino sanaonepo malo pomwe mwambiwu udakwanira ngati pa Moatize. Amene adatsala pamoto ndi mayi wa baraka yemwe uja, ndipo odya ake ndi omwe aja: oyendetsa maminibasi a shapa, aphunzitsi, anyamata a m'magalaja ndi a pamgodi akaweruka.

Pasakhale wina wothamangira kukadula pende wamuwisi n'kumusanjika pampunga ati akutsanzira Tokyo. Nsomba za m'mitsinje ndi m'nyanja zopanda mchere zimatha kukhala ndi tinyongolotsi tomwe timafa ndi moto, ndipo ophika sushi amazipewa zikakhala zaziwisi. Ngakhale nsomba yofiira ija ya salmon, yomwe imakometsa zithunzi za pafoni, Ajapani sankaidya yaiwisi pachifukwa chomwecho, mpaka anthu a ku Norway adayamba kuwakopa ndi yoweta m'zaka za m'ma 1980. Zidatenga zaka kuti avomere.

Chotengera kwa Ajapani n'china. Chakudya cha aganyu adachisamalira, kuchikonza mwaukhondo, kuchitchula dzina lake mosabisa, mpaka dziko lonse lidayamba kuchilipirira. Ndipo sitikusowa chitsanzo chapafupi. Mbuzi ya kuno, yodya masau ndi malambe, idalembetsedwa m'kaundula ndi dzina loti Cabrito de Tete, chinthu choyamba m'Mozambique kutetezedwa ndi dzina la dera lomwe chimachokera. Lero munthu wa ku Maputo amaifunsa ndi dzina. Kodi chikowa chidalakwanji?

Zofunika si zambiri, ndipo owerenga akuzidziwa. Wogulitsa pamsika aphimbe nsomba, ntchentche zisachite msonkhano pamenepo. Wophika achinyike mokwanira ndi kusintha madzi, chifukwa ambiri amene amati amadana ndi chikowa adangokumana ndi chosanyikidwa bwino, n'kugona akumwa madzi usiku wonse. Achiphike ndi tomato, kapena achithire nsinjiro, pambali paikidwe chisoso kapena nkhwani, nsima ikhale yotentha. Ndipo pachikwangwani cha pakhomo, pomwe adalemba nkhuku ndi karapau ndi choko, alembepo chikowa pamwamba penipeni, pa Zóbuè mtengo wake ukhale m'meticali ndi m'kwacha momwe, kuti dalaivala wa ku Harare ndi mayi wa geni wa ku Limbe asachite kufunsa.

Yatsala nkhani ya madzi osamba m'manja, omwe m'mabaraka ena amazungulira matebulo onse m'beseni limodzi mpaka womaliza amasamba msuzi. Imeneyo mwini danga lino waisungira tsiku lina, chifukwa ndi yaitali.